Bridge, routing ndi NAT: mmene ma VM amafikira kunja kudzera pa kompyuta imodzi

Kompyuta imodzi yamphamvu ikhoza kunyamula makompyuta ena angapo m'kati mwake, iliyonse ndi Linux kapena Windows yakeyake, ndipo iliyonse imadziona ngati ili payokha. Makompyuta am'katiwa ndi amene timati ma virtual machine, mwachidule ma VM, ndipo kompyuta yeniyeni imene yawanyamula ndi host. Kupanga VM masiku ano si nkhani, mapulogalamu ochitira zimenezi alipo angapo. KVM inalowa mu Linux mu 2007, VirtualBox ndi yaulere, ndipo pa Proxmox munthu amangodina kangapo VM n'kudzuka. Pamene ambiri amakakamira ndi pa netiweki. Host ili ndi khadi limodzi la netiweki ndi kebulo imodzi yopita ku switch, chida cholumikiza makompyuta a pa netiweki imodzi, koma ma VM asanu onse akufuna kulankhula ndi kunja. Adutsira pati?

Njira zodziwika zilipo zitatu: bridge, routing ndi NAT. Anthu amazisankha ngati nkhani ya kukonda kwa munthu, koma zoona zake n'zakuti zimasiyana pa funso limodzi lokha: zida zimene zili kunja kwa host zidziwa bwanji kumene VM ili? Kutulutsa paketi, kachidutswa ka uthenga woyenda pa netiweki, n'kosavuta, pafupifupi VM iliyonse imatha. Chimene chimasochera nthawi zambiri ndi yankho pobwerera.

Taganizani za pulote ya nyumba za lendi. Pa bridge, wa lendi aliyense ali ndi khomo lake loyang'ana kumsewu, ndipo wobweretsa makalata amagogoda kwa mwini kalatayo. Pa routing, geti ndi limodzi, makalata amalembedwa dzina la wa lendi koma amafikira kwa a landilodi, amene amawapereka m'katimo. Apa a positi ayenera kuuzidwa kuti anthu amenewa amapezeka kudzera kwa a landilodi awa. Pa NAT, kunja kumangodziwika dzina la a landilodi basi, ndipo iwo amasunga kope losonyeza kuti yankho ili ndi la ndani.

Kuti zimveke bwino tiyambe ndi maadiresi awiri amene chida chilichonse pa netiweki chimakhala nawo. Yoyamba ndi ya MAC, ya ma bit 48, yolembedwa ngati 52:54:00:3a:1f:07. Imeneyi imagwira ntchito pakati pa zida zoyandikana pa netiweki imodzi, siwoloka router, chida cholumikiza netiweki imodzi ndi ina. Khadi lenileni limabwera nayo kuchokera ku fakitale, pamene la VM limapatsidwa ndi pulogalamu, n'chifukwa chake MAC yoyamba ndi 52:54:00 imakuuzani kuti ndi ya QEMU ndi KVM, 08:00:27 ndi ya VirtualBox, ndipo 00:50:56 kapena 00:0c:29 ndi ya VMware. Yachiwiri ndi ya IP, imene mu IPv4 ili ndi ma bit 32. Mukaona 192.168.10.25/24, nambala ya kumapetoyo ikunena kuti ma bit 24 oyambirira ndi dzina la netiweki, ndipo 8 otsalawo ndi a zida. Ma bit 8 amapereka maadiresi 256, koma yoyamba ndi yomaliza n'zopatulidwa, choncho zogwiritsa ntchito ndi 254. Pa /29 pamatsala ma bit 3 okha, kutanthauza maadiresi 8, ogwira ntchito 6. Gulu la maadiresi lotere ndi limene timati subnet, ndipo kalembedwe ka /24 ndi /29 kanabwera ndi CIDR mu 1993.

Nthawi iliyonse imene kompyuta ikufuna kutumiza paketi, imadzifunsa kaye ngati kumene ikupitako kuli mu subnet yake. Ngati kuli momwemo, imafuula pa netiweki yonse kudzera mu ARP, njira imene inalembedwa mu 1982, kuti: amene ali ndi 192.168.10.30 ndani, andiuze MAC yake. Ngati kuli kunja, imafunsa MAC ya gateway, router yotulukira kunja, n'kupereka paketiyo kwa iyo. Kufuula kwa ARP kumeneku kumafika paliponse pamene switch ikufika, koma kumathera pa router. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa zonse zotsatirazi zatsamira pa iyo.

Bridge ndi switch yopangidwa ndi pulogalamu m'kati mwa host. Pa Linux, `ip link add br0 type bridge` imaipanga, ndipo `ip link set eth0 master br0` imalowetsa khadi lenileni, eth0, ngati limodzi mwa makomo ake. VM iliyonse ikadzuka imapatsidwa khomo lake lotchedwa tap. Libvirt, pulogalamu yoyendetsera ma VM a KVM, imalitcha vnet0, vnet1 ndi kupitirira, pamene pa Proxmox VM ya nambala 100 imakhala ndi tap100i0 ndipo bridge yake ndi vmbr0. Bridge siyang'ana IP ngakhale pang'ono. Imangoona MAC ya wotumiza n'kulemba kuti MAC iyi ili ku khomo lakuti, ndipo ikapanda kuimvanso kwa masekondi 300 imaiwala. Mndandandawo mukhoza kuuona ndi `bridge fdb show`. Ikalandira za MAC imene sikuidziwa imatumiza ku makomo onse.

Zotsatira zake n'zakuti VM imakhala ngati kompyuta ina iliyonse ya muofesi. Imapempha adiresi kwa DHCP, imene imagawa maadiresi a IP muofesimo, n'kulandira, tinene, 192.168.10.40. Router ikafunsa kuti 192.168.10.40 ndi ya ndani, funsolo limadutsa pa kebulo, kulowa eth0, kuwoloka br0, ndipo VM imadziyankhira yokha ndi MAC yake. Palibe amene akufunika kuuzidwa njira. Ngati seva ili muofesi mwanu, pa switch yanu, ndipo mukufuna kuti anzanu afikire VM ya maakaunti kapena ya mafaelo, bridge ndiyo njira yoyenera, ndipo sindiona chifukwa chofunira ina.

Koma ili ndi misampha yake. Khadi likangolowa mu bridge, adiresi ya IP ya host iyenera kuchoka pa eth0 kupita pa br0, pamodzi ndi njira yopita ku gateway. Amene akuchita zimenezi ali patali kudzera mu SSH akhoza kudzitsekera kunja pakati pa malamulo awiriwo, seva n'kungoti zii. Pa Ubuntu, `netplan try` inapangidwira zimenezi: mukapanda kuvomereza m'masekondi 120 imabwezeretsa zakale yokha. Pa seva ya kutali musagwire netiweki popanda njira ina yolowera, kaya console ya kampani yosunga seva kapena munthu amene ali pafupi nayo.

Msampha wina ndi wobisika kwambiri. Bridge ya Linux imene sinapatsidwe MAC yakeyake imatenga MAC yaing'ono kwambiri mwa makomo ake. Choncho VM yatsopano ikabwera ndi khomo la MAC yaing'ono kuposa ya eth0, MAC ya host imasintha mwadzidzidzi, ndipo netiweki imaduka mpaka router itaphunziranso. N'chifukwa chake libvirt imapatsa makomo a vnet MAC yoyamba ndi fe, monga fe:54:00, kuti ikhale yaikulu ndipo isasankhidwe. Mukamanga bridge pamanja, ilembereni MAC yokhazikika. Palinso spanning tree, imene Radia Perlman anaitulukira ku Digital Equipment Corporation mu 1985 pofuna kuti mapaketi asamangozungulira pamene ma switch alumikizana mozungulira. Ikayatsidwa, khomo latsopano limadikira masekondi 15 kawiri lisanayambe kutumiza, ndipo VM yofulumira kudzuka ikhoza kutopa kudikira DHCP. Pa bridge ya kebulo imodzi yopita kunja, nthawi zambiri siifunika.

Pali malo awiri amene bridge imakana ngakhale mutaikonza bwino chotani. Oyamba ndi WiFi. Access point imalandira za MAC yokhayo imene inalumikizana nayo, ndipo kalumikizidwe ka masiku onse ka 802.11 kali ndi malo a maadiresi atatu okha, opanda pokhala MAC ya VM yobisala kumbuyo kwa laputopu. Pali njira ya maadiresi anayi, koma imafuna kuti mbali zonse ziwiri zivomere. VirtualBox imazemba vutoli posintha MAC ya VM n'kuikapo ya host, pamene bridge ya Linux imangokana kulandira khadi la WiFi. Amene akuphunzira pa laputopu yolumikizidwa ku MiFi asadabwe bridge ikamavuta; vuto si iwo.

Malo achiwiri ndi seva yobwereka ku data centre. Kumeneko switch si yanu, ndipo makampani safuna kuti makasitomala azitulutsa ma MAC osadziwika, chifukwa umo ndi mmene munthu angabere adiresi ya mnzake. Hetzner ya ku Germany imalola MAC zolembetsedwa zokha: pa IP yowonjezera imodzi mukhoza kupempha MAC yapadera, koma subnet yonse amailozera ku IP yaikulu ya seva. OVH ya ku France nayo ili ndi ma MAC apadera a maadiresi owonjezera. Apa ndi pamene routing imabwera, ndipo ndi pofunika kuyenda pang'onopang'ono.

Tinene kuti seva yanu ili ndi adiresi 198.51.100.20, gateway yake ndi 198.51.100.1, ndipo mwagula subnet 203.0.113.8/29. Maadiresi amenewa ndi opatulidwira zitsanzo, sapezeka pa intaneti yeniyeni. Kampani imalemba mzere umodzi mu router yake wonena kuti chilichonse chopita ku 203.0.113.8/29 chiperekedwe kwa 198.51.100.20. Taonani kuti router imeneyi sidzafunsa ARP ya VM iliyonse. Imangodziwa host. Choncho mukalowetsa eth0 mu bridge n'kupatsa VM adiresi 203.0.113.10, VM idzadikira funso limene silidzabwera.

Chofunika ndi bridge yachiwiri yopanda khadi lenileni, tiitche vmbr1, yokhala ya ma VM okha. Host imatenga 203.0.113.9/29 pa vmbr1, ma VM amatenga .10 mpaka .14, ndipo gateway yawo ndi .9. Kenako host iyenera kuloledwa kuwolotsa mapaketi a ena, chifukwa Linux imabwera zimenezi zitazimitsidwa: `net.ipv4.ip_forward=1`, ndipo ilembedwe mu faelo ya sysctl kuti isafufutike seva ikazima.

Tsopano tiitsatire paketi imodzi. VM ya .10 ikufuna kufika pa webusaiti ina. Yaona kuti kumeneko si mu subnet yake, yafunsa MAC ya .9, host yayankha ndi MAC ya vmbr1. Paketi ikafika, host imavula chikuto cha Ethernet, kuyang'ana adiresi ya IP yopitako, n'kufufuza mu tebulo la njira. Lamulo lake n'lakuti njira yolongosoka kwambiri ndiyo imapambana: /29 imaposa /24, /24 imaposa njira ya zonse zotsala. Popeza palibe njira yapadera ya webusaitiyo, paketi imatulukira pa eth0 kupita ku 198.51.100.1, itavala chikuto chatsopano chokhala ndi MAC ya host. Nambala ya TTL, yowerengera ma router amene paketi ingadutsemo isanatayidwe, imatsika ndi 1, koma adiresi ya wotumiza ikadali 203.0.113.10. Switch ya kampani yangoona MAC imene ikuidziwa, choncho palibe dandaulo. Yankho likabwera, router ya kampani imatsatira mzere wake uja n'kulipereka kwa host, host imapeza kuti 203.0.113.8/29 ili pa vmbr1, imafunsa MAC ya .10, yankho n'kufika.

Njira imeneyi ndimaikonda pa seva iliyonse yoyang'ana ku intaneti, osati chifukwa chakuti kampani yakakamiza basi. Paketi iliyonse imadutsa m'manja mwa host, ndiye firewall imodzi ikhoza kuteteza ma VM onse, ndipo phokoso la ARP ndi DHCP la ma VM silituluka kunja. Choipa chake ndi kuwononga maadiresi. Mwa 8 amene mwalipira, .8 yapita ku dzina la netiweki, .15 ku broadcast (adiresi yolankhulira kwa onse), .9 kwa host, mwatsala ndi 5. Izi n'zowawa chifukwa maadiresi a IPv4 ndi osowa: IANA, bungwe logawa maadiresi pa dziko lonse, inagawa omaliza ake mu February 2011, ndipo mabungwe a m'zigawo monga AFRINIC ya ku Mauritius, imene imagawa za mu Africa, amapereka mosamala kwambiri. Amene akufuna onse 8 amapatsa VM iliyonse adiresi yake ngati /32, n'kulemba njira imodziimodzi pa host, monga `ip route add 203.0.113.8/32 dev vmbr1`. M'kati mwa VM gateway imakhala kunja kwa subnet yake, choncho pamafunika mawu akuti onlink kuti Linux ivomere kuti gatewayyo ikufikika pa kebulo yomweyo. Zimagwira bwino, koma adiresi iliyonse imafuna mzere wake, ndipo wodzalowa m'malo mwanu adzafuna kupeza zolembedwa.

Routing yomweyi muofesi imavuta mwa mtundu wina. Host ili pa 192.168.10.5, ndipo mwapanga 10.20.0.0/24 ya ma VM kumbuyo kwake. VM ikutumiza, mapaketi akutuluka, koma yankho kulibe. Chifukwa chake n'chakuti router ya muofesi sinamvepo za 10.20.0.0/24, ndiye yankho imaliponya ku intaneti kumene limakatayika. Mankhwala ake ndi mzere umodzi pa router, wonena kuti 10.20.0.0/24 ipitire ku 192.168.10.5. Ngakhale mutatero pakhoza kutsala kachilema. Kompyuta ya muofesi ikafuna VM imatumiza kwa router, router n'kupereka kwa host, koma yankho limachoka kwa host kupita molunjika ku kompyuta ija chifukwa zili mu subnet imodzi. Router yokhala ndi firewall yosunga mbiri ya zokambirana imangoona mbali imodzi, ndipo ikhoza kudula kulumikizanako patapita kanthawi. Chizindikiro chake n'chakuti ping, yoyesera ngati chida chikuyankha, ikuyenda bwinobwino koma SSH ikumauma pakati pa ntchito. Apa ndi bwino kuika njirayo pa makompyuta amene akufuna ma VM, kapena kupatsa host subnet yakeyake yolumikizana ndi router yokha.

Ma router ambiri a pakhomo ndi ma MiFi alibe pomwe munthu angalembe njira yotere. Ena amagwiritsa ntchito proxy ARP, imene inafotokozedwa mu 1987: host imayankha mafunso a ARP m'malo mwa ma VM, n'kupereka MAC yake, kenako n'kuwolotsa mapaketi. Kunja zimaoneka ngati bridge, m'kati ndi routing, ndipo zimagwira ngakhale pa WiFi. Ndimaiona ngati njira ya pamene zina zakanika, chifukwa tsiku limene zavuta munthu amaona MAC imodzi ikuyankhira maadiresi asanu ndipo amasokonezeka.

NAT ndi imene ambiri amayamba nayo osadziwa. Mukaika libvirt mumapeza virbr0 pa 192.168.122.1, dnsmasq ikugawa maadiresi a 192.168.122.0/24, ndipo lamulo la masquerade likuchotsa adiresi ya VM n'kuikapo ya host pa paketi iliyonse yotuluka. Pa VirtualBox VM imadzuka ndi 10.0.2.15 ndipo gateway yake ndi 10.0.2.2. Funso la njira yobwerera limatha, chifukwa kunja kukuyankha host imene kukuidziwa kale. Pa laputopu yophunzirira, kapena VM yongofuna kukopera mapulogalamu, NAT ndi yokwanira. Koma wakunja sangayambitse kulankhula ndi VM pokhapokha mutalozera port yake, nambala ya khomo la pulogalamu, pamanja, ndipo ngati intaneti yanu ndi ya pafoni, kawirikawiri kampani nayo imakhala yaika NAT yake patsogolo, pa maadiresi ngati a 100.64.0.0/10, ndiye kulozera port pa host sikuthandiza wochokera kunja.

Chenjerani ndi kuwombana kwa maadiresi. Magulu atatu a maadiresi apadera, osayenda pa intaneti, anakhazikitsidwa mu 1994: 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16, ndipo aliyense amatunga momwemo. Docker, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena m'timabokosi tawotawo, imatenga 172.17.0.0/16. VM ya libvirt imene m'kati mwake mwaikamonso libvirt imafuna 192.168.122.0/24 kawiri. VPN ya kuntchito ikakhala pa gulu lomwe mwapatsa ma VM, mapaketi amakhotera ku bridge m'malo mopita kuntchito. Sankhani subnet ya ma VM mutaona kaye zimene zilipo kale.

Docker yomweyo imabweretsa vuto lina limene lazunguza anthu ambiri. Ikayamba ikhoza kusintha lamulo la FORWARD mu iptables, firewall ya Linux, kukhala DROP, kutanthauza kutaya mapaketi owoloka host. Pa routing izi zimatseka ma VM nthawi yomweyo. Pa bridge munthu angaganize kuti sizikukhudza, popeza bridge siyang'ana IP, koma ngati br_netfilter yalowa mu kernel ndipo `net.bridge.bridge-nf-call-iptables` ili pa 1, mapaketi owoloka bridge nawonso amadutsa mu iptables. Ndiye ARP imayenda, VM imadziwa MAC ya gateway, koma DHCP ndi ping zimafa. Mukhoza kutsegula njira mu DOCKER-USER, mndandanda wa mu iptables umene Docker imakusiyirani kuti mulembemo malamulo anu, kapena kuika nambala ija pa 0, koma chabwino koposa n'kusiya host ikhale ya ma VM basi, Docker ikakhale mu VM yakeyake.

Ena amathawa bridge n'kusankha macvtap, imene imamata VM pa khadi lenileni mwachindunji. Ndi yosavuta, koma host ndi VM yake sizitha kulankhulana kudzera pa khadi limenelo, ngakhale kuti ena onse pa netiweki akuifikira VMyo.

Pa IPv6 maganizo ndi omwewa. Subnet ya masiku onse ndi /64, ndipo m'malo mwa ARP pali neighbour discovery. Chodziwa n'chakuti host ikayatsa forwarding ya IPv6 imasiya kumvera zolengeza za router ya kunja, ndiye ikhoza kutaya njira yake yotulukira pokhapokha `accept_ra` itaikidwa pa 2 kapena gateway italembedwa pamanja.

Zikavuta, kusinthasintha zinthu mwachisawawa kumangowonjezera vuto. Yambitsani ping mu VM, kenako pa host muyang'ane ndi `tcpdump -n -e -i vnet0`, mubwereze pa bridge, ndi pa eth0. Mukaona mafunso a ARP okhaokha opanda yankho, VM sikupeza gateway: mwina adiresi ya gateway ndi yolakwika, mwina khomo lake silili mu bridge yoyenera. Paketi ikaoneka pa bridge koma osaoneka pa eth0, yang'anani ip_forward, firewall, ndi zimene `ip route get` ikunena za adiresi yopitako. Ikatuluka pa eth0 koma osabwerera, vuto lili kunja kwa host, ndipo woyang'anira router afunsidwe kuti subnetyo wailozera ku adiresi iti. Yankho likafika pa eth0 n'kuthera pomwepo, onani rp_filter, imene imataya mapaketi olowera khomo limene host sikanayankhirako.

Ndipo ngati zonse zinali bwino mpaka pamene munasamutsa adiresi kuchoka pa VM yakale kupita pa yatsopano, router ikhoza kukhala ikusungabe MAC yakale. Ma router a Cisco amasunga zimenezi kwa maola 4 ngati sanasinthidwe. Mu VM yatsopano, `arping -U -I eth0 192.168.10.40` imalengeza kwa onse kuti adiresiyi tsopano ili pa MAC ina, ndipo router yovomereza zolengeza zotere imakonza tebulo lake pomwepo. Ikakana, mpatseni VM yatsopanoyo MAC ya yakale ija, bola yakaleyo ikhale itazimitsidwa.